WOIMBA TIMDZIWA, NANGA WOPEKA NYIMBO NDANI?

Ndi anthu owerengeka m'dera lathu lino, kuyambira ku Lundazi mpaka ku Nyimba, amene anganene kuti sanamvepo liu la malemu Don Williams. Kwa zaka zambiri nyimbo zao zamveka pa wailesi, m'mabasi a maulendo atali, m'magolosale ndi m'nyumba za anthu, ndipo ngakhale iwo amene sadziwa Cingelezi amakopeka ndi maimbidwe ao ofatsa, osathamanga ndi osakuwa. M'caka ca 1997 mkuluyu anafika pafupi nafe pamene anakaimba ku Harare, ndipo pamene mbiri ya imfa yao inamveka pa 8 September 2017, ambiri kuno anadandaula monga anthu amene ataya mnansi.

Koma tikafunsa kuti kodi nyimbo zonga "Amanda", "Come Early Morning", "Say It Again" ndi "It Must Be Love" anazipeka ndani, pafupi-fupi aliyense adzayankha kuti ndi a Don Williams omwewo. Yankho limeneli ndi lolakwa. Ndi zoona kuti a Williams anapekako nyimbo zina, koma zinai tachulazi, pamodzi ndi zina zambiri zimene timazikonda, zinacokera m'mutu ndi m'colembera ca munthu wina, Bambo Bob McDill, amene ambiri a ife sitinaonepo nkhope yao kapena kumva dzina lao. Lero tifuna kunena za munthu ameneyu, pakuti mbiri yao itiphunzitsa cinthu cimodzi cimene timaciiwala kawiri-kawiri: nyimbo yabwino siigwa yokha ngati mvula. Ndi nchito ya munthu, ndipo mwini nchitoyo ayenera kudziwika ndi kulandira zake.

Tiyambe tafotokoza za mtundu wa nyimbo zimenezi. Ku America amazicha "country", ndiko kunena kuti nyimbo za kumidzi. Zinakulira m'zigawo za kummwera kwa dzikolo pakati pa alimi, anthu a m'migodi ndi ogwira nchito pa njanji, ndipo zoimbira zake zenizeni ndi gitala, vayolini ndi banjo. Banjoyo makolo ake ndi zoimbira za zingwe zimene akapolo ocokera ku Africa anali kupanga. Likulu la malonda a nyimbozi ndi mzinda wa Nashville m'cigawo ca Tennessee, ndipo kumeneko nchito inagawidwa kale. Pali anthu amene nchito yao ndi kupeka cabe, pali makampani amene amasunga nyimbo zopekedwazo ndi kuzitsatsa, ndipo pali oimba amene amasankhapo zimene ziyenera mau ao. Pa rekodi dzina la woimba limalembedwa m'zilembo zazikulu, pamene la wopeka limabisala m'tizilembo tating'ono pansi pa mutu wa nyimbo.

A McDill anabadwa pa 4 April 1944 pafupi ndi mzinda wa Beaumont m'cigawo ca Texas. Anaphunzira pa sukulu yaikulu ya Lamar mumzinda womwewo, ndipo ali pa sukulu anali kuimba m'kagulu ka acinyamata. Kumeneko ndiko anadziwana ndi a Allen Reynolds ndi a Dickey Lee, anthu amene anali kale m'nchito ya nyimbo ndipo anaona kuti mnyamatayu ali ndi mphatso. Atatsiriza sukulu anatumikira zaka ziwiri m'gulu la nkhondo la pamadzi, koma sanaleke kulemba. M'caka ca 1967 woimba wochuka, a Perry Como, anajambula nyimbo yao yochedwa "The Happy Man". Atacoka ku usilikali anakakhala ku Memphis, ndipo m'caka ca 1970 anatsatira anzao aja ku Nashville, kumene analembedwa nchito yopeka nyimbo pa kampani ya a Jack Clement.

Cimene ambiri sadziwa ndi cakuti pofika ku Nashville a McDill sanali munthu wa nyimbo za kumidzi ai. Mtima wao unali pa nyimbo za m'tauni zimene acinyamata a masiku amenewo anali kuzikonda, ndipo poyamba sanaone cimene cinali kukometsa nyimbo za alimi. Iwo eni akhala akufotokoza kuti maso ao anatseguka tsiku lina ali m'galimoto ya mnzao, pamene anamva a George Jones akuimba "A Good Year for the Roses", nyimbo ya mwamuna amene mkazi wake ali kumcokera. Anazindikira kuti pansi pa mau ofatsawo panali ukali ndi cisoni cacikulu cimene woimbayo anali kucibisa. Kuyambira pamenepo anakhala pansi nayamba kuphunzira nyimbo za mtunduwu monga mwana wa sukulu, ngakhale kuti anali kale munthu wophunzira. Kuona maso a nkhono ndi kudekha.

Magwiridwe ao a nchito ndiwo tifuna kuti owerenga athu awaganizire bwino. Anthu ambiri amayesa kuti wopeka nyimbo ndi munthu wongoyenda-yenda, wokonda mowa, amene nyimbo imamfikira usiku m'maloto. A McDill sanali otero. Anali kupita ku ofesi m'mawa ndi kuweruka madzulo, masiku asanu pa mlungu, monga kalaliki wa pa boma, ndipo colinga cao cinali kutsiriza nyimbo imodzi mlungu uliwonse. Anali kulemba ndi dzanja m'makope a mapepala acikasu, kufafaniza, kulembanso, kusintha liu limodzi kambiri-mbiri kufikira mzere utakhala bwino. Anacita zimenezi pafupi-fupi zaka 30. Pamene m'caka ca 2017 anapereka zolemba zao ku nyumba yosungiramo mbiri ya nyimbozi ku Nashville, makopewo anakwana 217.

Mlimi aliyense adzamvetsa zimenezi popanda womasulira. Nkhokwe siidzala cifukwa ca tsiku limodzi limene munthu anadzuka ndi mphamvu. Imadzala cifukwa ca masiku onse aja amene anapita kumunda thupi lisakufuna, nagalauza, nabzala, napalira kawiri. Pang'ono-pang'ono ndi mtolo. Nyimbo imene ife timaimva m'mphindi zitatu, ndi kuiyesa yapafupi cifukwa mau ake ndi osavuta, kumbuyo kwake kuli masamba ambiri ofafanizidwa amene sitidzawaona. Kufewa kwa nyimboyo ndiko umboni wa thukuta lake, monga momwe kusalala kwa ufa kuli umboni wa mkono wa wosinja.

Zipatso za khama limeneli zinayamba kuoneka m'caka ca 1972, pamene a Johnny Russell anajambula "Catfish John", imene a McDill anapeka pamodzi ndi a Reynolds. Caka cotsatira a Don Williams, amenenso anali mwana wa ku Texas ndipo anali pa kampani yomweyo ya a Clement, anatulutsa rekodi yao yoyamba yaikulu, ndipo m'menemo munali "Come Early Morning" ndi "Amanda". Kuyambira pamenepo anthu awiriwa anayenda pamodzi ngati khasu ndi mpini. "(Turn Out the Light and) Love Me Tonight" inafika pa nambala 1 pa mndandanda wa nyimbo za kumidzi m'caka ca 1975, "Say It Again" mu 1976, ndipo "It Must Be Love" mu 1979. Oimba enanso anatunga pa citsime comweco. A Waylon Jennings anafikitsa "Amanda" pa nambala 1 mu 1979, a Keith Whitley anacita cimodzi-modzi ndi "Don't Close Your Eyes" mu 1988, ndipo mai Crystal Gayle, a Ronnie Milsap, a Mel McDaniel ndi a Dan Seals onse anakwezeka ndi nyimbo za munthu mmodzi yemweyu. Zonse pamodzi, nyimbo za a McDill zimene zinafika pa nambala 1 ndi 31.

Komabe ciwerengero cokha sicikwanira kuonetsa ukulu wa munthu, pakuti ziliko nyimbo zimene zimagulidwa kwambiri caka cino, caka camawa n'kuiwalika. Cimene cinasiyanitsa a McDill ndi anzao ambiri ndi cakuti ananena zoona za kwao, zokoma ndi zowawa zomwe. Tipereke zitsanzo zitatu.

"Catfish John" ikamba za kamnyamata kamene amai ake anakaletsa kupita kumtsinje, cifukwa kumeneko kunali kukhala nkhalamba ina yosauka imene anthu anaipatsa dzina la nsomba ya mlamba. Nkhalambayo inabadwira mu ukapolo ndipo inagulitsidwapo posinthana ndi kavalo. Mwanayo sanamvere, anapalana nayo ubwenzi, ndipo atakula akumbukira ubwenziwo monyadira. Tikumbuke kuti ukapolo unatha ku America m'caka ca 1865, koma tsankho la khungu linapitirira m'malamulo a zigawo za kummwera kufikira zaka za m'ma 1960. Kuti mzungu wa kummwera, m'caka ca 1972, aike munthu wakuda amene anali kapolo pa malo a ulemu m'nyimbo yogulitsidwa makamaka kwa azungu anzake, sicinali cinthu cacing'ono. Nyimboyi inadutsa malire a Nashville, ndipo oimba a nyimbo za makolo a ku America, monga a Jerry Garcia, anaitenga naiimba zaka zambiri.

"Song of the South", imene gulu la Alabama linatulutsa kumapeto kwa 1988, ikamba za banja la alimi a thonje pa nthawi ya umphawi waukulu umene unagwa ku America kuyambira m'caka ca 1929. Banjalo linalima ndi kukolola, koma silinalemere. Matenda atalowa m'nyumba munda unalandidwa, ndipo anasamukira m'tauni, kumene bambo anapeza nchito ku bungwe la Tennessee Valley Authority, limene boma la President Franklin Roosevelt linakhazikitsa mu 1933 kuti limange madamu ndi kufikitsa magetsi kumidzi. Maimbidwe a nyimboyi ndi acisangalalo, oti munthu n'kuvina, koma nkhani yake ndi ya munthu amene wataya nthaka ya makolo ake. Mlimi wa thonje wa ku Katete kapena ku Petauke, amene adziwa kuwawa kwa msana pa nthawi yothyola ndi kucepa kwa ndalama pa tsiku la msika, safunika kuuzidwa tanthauzo lake.

Yacitatu ndi "Good Ole Boys Like Me", imene a Don Williams anaimba mu 1980, ndipo ambiri odziwa za nyimbo amaiyesa yopambana zonse za a McDill. Anaipeka atawerenga buku la mlembi wa kummwera, a Robert Penn Warren, lochedwa "A Place to Come To". M'nyimboyi munthu wamkulu akumbukira ubwana wake: atate ake amene anali kumphunzitsa za ulemu ndi za Mulungu uku akununkha mowa, mawailesi amene anali kumvera usiku, mabuku amene anawerenga, ndi mnzake wa pamudzi amene anadziononga ndi zoledzeretsa. Iye anapulumuka cifukwa ca sukulu, nasintha ngakhale kalankhulidwe kake kuti afanane ndi anthu a m'mizinda, koma apeza kuti kwao sikunamcoke m'magazi, ndipo afunsa kuti munthu wotere malo ake ali kuti. Limeneli ndi funso la mwana aliyense amene anacoka pamudzi kupita ku sekondale, napitirira ku Lusaka kapena ku Migodi, ndipo pobwera pa chuti aona kuti lilime lake layamba kulemera polankhula ndi agogo ake. Nyimboyi inathera pa nambala 2, koma yakhalitsa kuposa zambiri zimene zinafika pa nambala 1.

Apa ndipo pagona yankho la funso limene ena amafunsa, lakuti nyimbo za azungu a kumidzi ya ku America zinatikolera bwanji ife a kuno. A McDill sanali kulembera ife. Anali kulemba za mitsinje, minda ndi anthu a kwao, mosabisa ndi mosakometsera, ndipo cifukwa ca kunena zoona za mudzi umodzi anafika m'midzi yambiri imene sanaipondemo. Iwo eni anaona kuopsa kwa kuimba za kumidzi popanda kuidziwa midziyo. Mu 1994 a Alan Jackson anatulutsa nyimbo yao yochedwa "Gone Country", imene iseka oimba atatu a m'mizinda ikulu-ikulu amene, poona kuti malonda ao alowa pansi, athamangira ku Nashville cifukwa amva kuti ndalama zili kumeneko. Nayonso inafika pa nambala 1. M'caka ca 2000 a McDill anatseka makope ao napuma pa nchito, dzina lao likali labwino.

Nanga ulemu unabwera liti? Anzao a nchito imodzi anawazindikira msanga, pakuti mu 1985 anawalowetsa m'kaundula wa akatswiri opeka nyimbo, wochedwa Nashville Songwriters Hall of Fame. Koma ulemu waukulu koposa m'nyimbo zimenezi ndi kulowa mu Country Music Hall of Fame, imene inayamba mu 1961. A Don Williams analowamo mu 2010. A McDill anadikira kufikira 2023, pamene analowa pamodzi ndi mai Tanya Tucker ndi mai Patty Loveless, ali ndi zaka 79, patapita zaka 23 cipumire pa nchito ndiponso zaka 6 mnzao uja atamwalira. Cifukwa cimodzi ca kucedwaku ndi cakuti oimba amasankhidwa caka ndi caka, pamene malo a wopeka nyimbo amatseguka kamodzi pa zaka zitatu. Ngakhale ku Nashville, mzinda umene umadya za opeka nyimbo, woimba ndiye amayamba kusamba m'manja.

Komabe pa cinthu cimodzi a McDill sanadikire, ndico malipiro. Ku America lamulo limati nyimbo ndi cuma ca amene anaipeka. Rekodi ikagulidwa, gawo la ndalama limapita kwa wopeka ndi kampani yosunga nyimbo zake. Nyimbo ikaulutsidwa pa wailesi kapena kuimbidwa pa malo a malonda, mabungwe monga BMI ndi ASCAP amatolera ndalama kwa eni mawailesi ndi eni malowo, nazigawa kwa opeka monga mwa kuculuka kwa nthawi zimene nyimbo zao zamveka. Motero pamene a Alan Jackson anaimbanso "It Must Be Love" m'caka ca 2000, nifikanso pa nambala 1 patapita zaka 21, mwini wake anakololanso m'munda umene analima kale. Dongosolo limeneli ndilo linalola munthu kukhala pa tebulo zaka 30 osacita nchito ina koma kupeka. Pakadapanda ilo, a McDill akadafuna nchito ina yodyetsa banja, ndipo nyimbo zimene tachulazi sizikadabadwa.

Ena adzati tikucepetsa woimba. Iai. Mutu umodzi susenza denga, ndipo mau a pa pepala sangafike pa mtima wa munthu popanda liu lowanyamula. A McDill nawonso anajambulapo rekodi yao-yao mu 1972, yochedwa "Short Stories", koma siinamveke kutali, ndipo anazindikira kuti mphatso yao inali ya colembera. Liu la a Don Williams ndilo linaolotsa nyimbozi nyanja. Cimene tikunena ndi cakuti denga likakwera, onse amene analisenza achulidwe.

Enanso adzati kufunsa mwini nyimbo ndi mwambo wacilendo, pakuti kwathu kuno nyimbo za pamtondo, za cimtali ndi za pa maliro zilibe mwini, ndi za mudzi wonse. Mau amenewa ali ndi nzeru, ndipo sitifuna kuti mai wosinja ayambe kulipiritsa mnzake pomthandiza kuyankha nyimbo. Koma nyimbo ikali pamtondo palibe amene apindula nayo ndalama. Ikangojambulidwa, niyamba kumveka pa wailesi, m'mabawa ndi m'mafoni, yasanduka katundu wa malonda, ndipo ndalama zake zimalowa m'thumba la wina. Pamenepo kunena kuti nyimbo ilibe mwini ndiko kupereka mbuzi ya mmphawi kwa amene ali nazo kale.

Ndiye cifukwa cake tipempha zinthu zitatu. Coyamba, aulutsi a pa wailesi, makamaka a mawailesi a m'maboma athu amene amamvedwa kwambiri kumidzi, azichula wopeka pamodzi ndi woimba. Sizitenga nthawi, ndipo zimaphunzitsa omvera kuti kupeka ndi nchito payokha. Caciwiri, eni mawailesi, mabawa ndi malo a zisangalalo azilipira zimene lamulo lifuna. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza eni nyimbo ndi zolemba, limene linakhazikitsidwa mu 1994, ndiponso bungwe la ZAMCOPS lotolera ndalama za opeka, koma lamulo lopanda olitsata lili ngati nkhokwe yopanda denga. Cacitatu cipita kwa anyamata ndi atsikana amene ali ndi mphatso yopeka: lembetsani nyimbo zanu, ndipo musagulitse umwini wake pa mtengo wa cakudya ca tsiku limodzi.

Kwa acinyamata omwewo tionjeza mau awa. Musayese kuti mudzamveka kutali mwa kubwereka kalankhulidwe ka eni ake ndi kuimba za mizinda imene simunaione. A McDill anafika m'makutu a anthu a ku Chadiza ndi ku Chama polemba za nkhalamba ya kumtsinje wa kwao ndi za munda wa thonje umene unalandidwa. Inunso muli nazo nkhalamba zanu, minda yanu ndi machona anu amene sanabwerere. Gulani kope, khalani pansi m'mawa uliwonse monga acitira mlimi ndi khasu lake, ndipo mzere umene sunakhale bwino muufafanize kufikira utakhala.